Matenda a Fuchs: n'chifukwa chiyani amayi amaona mwachimbuuzi m'mawa?

Wofunsa: Amayi anga auzidwa kuti ali ndi matenda a Fuchs. M'mawa amaona mwachimbuuzi, koma dzuwa likakwera amaonako bwino. Kodi chimachitika n'chiyani?

Yankho loyamba: Pepani kwambiri. Kuseri kwa cornea, kagalasi koonekera kutsogolo kwa diso, kuli maselo amene ntchito yawo ndi kupopa madzi kuti kagalasiko kasatupe. Munthu wamkulu amakhala ndi maselo pafupifupi 2,500 pa milimita imodzi mbali zonse, ndipo maselowa akafa sabadwanso ena. Otsalawo amangokula kuti atseke mipata. Akachepa kufika pafupifupi 500, madzi amadzaza ndipo kagalasiko kamachita ngati chifunga. Usiku zikope zimakhala zotseka, choncho madziwo sauma, n'chifukwa chake m'mawa mumavuta.

Yankho lachiwiri: Ndiwonjezere kuti matendawa, amene Ernst Fuchs wa ku Austria anawafotokoza mu 1910, amagwira kwambiri akazi ndipo nthawi zina amakhala akumtundu, choncho nanunso mukapimitse maso. Mankhwala amchere odontheza m'maso amangochepetsa kutupa, sabwezeretsa maselo. Vuto likakula, madokotala amaika maselo ochokera m'diso la munthu wina.

Wofunsa: Zikomo, ndikawafunsa adokotala awo za opaleshoniyo.