Kuchokera ku Singapore kukafika ku New York, mtunda weniweni ndi uti?

Nangondo:
Abale ndithandizeni. Mwezi wa mawa achimwene anga akwera ndege pa bwalo la Changi ku Singapore kupita ku bwalo la JFK ku New York, osatera paliponse. Ndati ndione kutalika kwake, koma mutu waima: pena alemba 15,349, pena 9,537, pena 8,288. Kodi bwalolo limasuntha? Chinanso, pa mapu njira yake yapindika ngati uta, mpaka kukadzera kufupi ndi North Pole, nsonga ya kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi. Sakuzungulira dala amenewa kuti tikiti idule?

Kadziwotche:
Palibe chasuntha achemwali, mtunda ndi womwewo. 15,349 ndi makilomita, 9,537 ndi mamailosi wamba, ndipo 8,288 ndi mamailosi apanyanja, omwe oyendetsa ndege ndi sitima amawerengera. Mailosi imodzi yapanyanja ndi makilomita 1.852. Chulukitsani, muona zikugwirizana.

Za kupindikako, mapu ndi amene akukunamizani. Tengani lalanje, mulembe kadontho kamodzi cha pamimba pake, kena kuseri cha kumtunda. Kokani ulusi pakati pa timadonthoto mpaka ulimbe. Ulusiwo sutsata mimba ya lalanje ayi, umakwera cha ku phesi. Njira yaifupi ndi imeneyo. Mukasenda khungu n'kuliyala patebulo, mzere womwe uja umaoneka wokhota.

Bambo a Tadala:
A Kadziwotche anena zoona, koma nambala imeneyo ndi ya papepala. Ine ndinayendapo ulendowu, ndipo ndege siitsata ulusi wa lalanjewo. Imatsata mphepo. Kumwambako kuli mphepo yamphamvu yochokera kumadzulo kupita kummawa, ndiye oyendetsa amafuna iziwakankha kumsana. Popita tinadzera cha ku Japan, nyanja ya Pacific, Alaska ndi Canada. Pobwera ndimati tibwerera momwemo, koma kuyang'ana pa kasikirini ka pampando, tili pamwamba pa Atlantic kulowera ku Ulaya! Makilomita amachuluka, koma mafuta ndi nthawi zimapulumuka.

Auzeni achimwenewo kuti maola ndi oposa 18. Ine ndinavula nsapato titangonyamuka, n'kukhala phee osadzuka. Potera mapazi anali atatupa, nsapato zikukana, moti ndinatsika nditaziponda chidendene ngati masilipasi. Azidzuka n'kumayendayenda, madzi azimwa.

Kadziwotche:
Kikiki, pepani bambo. Za tikiti zija ndinaiwala: chodulitsa si kupindika kwa njira. Kampani ya Singapore Airlines imayendetsa ndege ya mtundu wa Airbus A350-900ULR pa ulendowu, yokhala ndi mipando 161 yokha, ndipo ya ikonome wamba, yotsika mtengo ija, mulibe. Anthu akachepa ndege imapepuka, mafuta amakwana kukafika. Mtengo wa mafutawo mumagawana anthu ochepa omwewo.

Nangondo:
Lalanje ndayesa, ulusi wakweradi cha ku phesi. Ana alidya kale. Za nsapatozo ndiwauza avale zokulirapo.