Land Rover Series 3 yalowa giyabokosi ya Hilux, handibuleki yapita ndi transfer yakale

Spanala wa ku Ndirande:
Akuluakulu thandizeni, mutu waima. Ndili ndi Landi (Land Rover) ya Series 3, yaifupi ija yotchedwa 88. Mwini wake anabweretsa injini ya Toyota ya 3L, giyabokosi ya Hilux ndi transfer yake yomwe (bokosi logawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo). Ndakhazika zonse, injini ikulira bwino. Lero pobwezera seatbox (bokosi lokhalapo mipando) m'pamene ndakumbukira kuti handibuleki ya Landi imakhala pa drum kumbuyo kwa transfer, ndiye yapitira limodzi ndi transfer yakaleyo. Ma drum akumbuyo alibe polowa kebulo. China, ndodo ya giya yatulukira kumbuyo kwambiri, ndikaponya 2 kapena 4 ikugunda seatbox. Mwini abwera Loweruka, ndalama ndinadya kale.

Wa Rally:
Amwene musavutike, ikani handibuleki ya hydraulic. Kamaster (kapampu ka mafuta a mabuleki) kamodzi pa paipi yopita kumbuyo, ndodo pamwamba, basi. Ola limodzi mwamaliza.

Madala a Landi:
Mwana wanga Wa Rally, imeneyo ndi yokhotetsera galimoto pa fumbi, si yoimikira. Ma seal amabweza mafuta pang'onopang'ono. Mumaisiya madzulo itagwira, m'mawa muipeza kumpanda kwa aneba. Komanso zambiri zakalezi mabuleki ake ndi a line imodzi. Paipi ikaphulika, phazi lapita, dzanja lapita. Mugwira chiyani?

Wa Rally:
Yanga yatha chaka sinatsike. Vuto anthu mumagula ma seal otchipa.

Wowotcherera wa ku Biwi:
Ine ndiyankha za ndodo. Osayerekeza kuiwotcha ndi gasi ili pa bokosi, pansi pake pali bush ya pulasitiki isungunuka, giya iyamba kugwedera ngati dzino la agogo. Izuleni kaye. Ndodo za Toyota zambiri ndi zidutswa ziwiri, pakati pali labala wochepetsa kunjenjemera, moto ukafika pamenepo mwaononga. Dulani kandodo kolimba kam'munsi kaja pamwamba pa mpira, muike kachitsulo kochindikala kopita kutsogolo, kenako muwotcherere ndodo pamenepo. Koma isatalike kapena kulemera. Ina ndinaisunthira kutsogolo kwambiri, pa msewu wa mabampu giya 3 imangodzichokera yokha.

Spanala wa ku Ndirande:
Zamveka akulu. Ndikufunika kusuntha ngati zala zinayi basi. Nanga kudula seatbox?

Madala a Landi:
Dulani mudzaone mwini wake akulira. Seatbox yabwino muipeza kuti masiku ano? Ine ma Landi ndinayamba kuwagwira anthu enanu musanabadwe. Handibuleki ya pa transfer ija anthu amainyoza koma imagwira, chomwe chimaipha ndi seal ya kumbuyo ikayamba kudontha, oyilo n'kunyowetsa ma shoe. Tsiku lina tikutsika ku Thabwa kupita ku Chikwawa titasenza matumba a simenti, dalaivala wachinyamata anaikoka galimoto ikuyenda. Tinangomva phwaa, half shaft yathyoka. Half shaft ikathyoka handibulekiyo ilibenso ntchito chifukwa diff ikungozungulira yokha. Chinatipulumutsa ndi ndodo yachikasu ija ya four wheel, tinaikanikiza kuti kutsogolo kugwire, ine n'kudumpha kukaika mwala. Nsapato imodzi ndinaisiya komweko.

Wa Rally:
Mwaona? Ikanakhala ya hydraulic imagwira matayala enieniwo, osati propshaft.

Madala a Landi:
Iwe sukumva eti.

Lathe Limbe:
Njira yomwe ndinaonapo ikugwira ndi kuika disc yaing'ono pa flange ya kumbuyo kwa transfer ya Hiluxyo, caliper ikhale yokoka ndi kebulo. Ndodo ya handibuleki ya Landi ikhala pamalo pake, mungosintha rod kukhala kebulo. Koma disc idutse pa lathe, mabowo alingane ndi a flange ndendende. Propshaft imazungulira maulendo 4.7 tayala likazungulira kamodzi, kupendekeka pang'ono galimoto yonse imanjenjemera, bearing ya output imatha. Bracket ya caliper imangidwe pa transfer, osati pa chasisi, chifukwa bokosi limasuntha pa ma mounting. Loweruka lokha iwalani.

Hilux Mzuzu:
Bwanji osangoika axle yonse ya Hilux kumbuyo? Imabwera ndi makebulo ake kale.

Lathe Limbe:
Landi ndi ma stud 5, Hilux ya 4x4 ndi 6, ayenda ndi ma spare awiri? Ndiye ratio. Kutsogolo 4.7, kumbuyo ina, akangoika four wheel pamalo olimba china chake chithyoka. A Spanala mwayang'ananso propshaft? Diff ya kumbuyo ya Series siili pakati, inapendekera kumanja, pomwe output ya Hilux imatulukira pakati. Pa 88 shaft ndi yaifupi, ma UJ (mfundo zopindika za shaftyo) azivutika.

Spanala wa ku Ndirande:
Shaft ndinapangitsa ina, yakhala mopingasa pang'ono koma ikuzungulira. Sindinaiyese pa msewu. Musandionjezere BP akulu.

Wowotcherera wa ku Biwi:
Mukasankha ya disc kumbukirani kuti ndi chimodzimodzi yakale ija: mukakweza tayala limodzi lakumbuyo pa jeke galimoto imatha kugubuduka ngakhale handibuleki ili m'mwamba. Mnyamata wanga wina inatsala pang'ono kumuphwanya mwendo. Miyala kutsogolo ndi kumbuyo nthawi zonse. Ndipo muuzeni mwini wake asaikoke akuyenda.

Wa Rally:
Zonsezi ndalama ndi nthawi. Kamaster kamodzi amwene, ndanena kale. Akaimika azisiya m'giya.

Madala a Landi:
Akapita ku COF, koyezetsa galimoto ngati ili yoyenera pa msewu, ukamuperekeze ndiwe. A Spanala, bokosi lakale lija ndi transfer yake zili pomwepo? Ndodo za transfer, yofiira ndi yachikasu, zilipo? Musagulitse kwa a zitsulo, ndili ndi Landi yaitali ija, 109, yomwe ikudumpha giya 2.

Hilux Mzuzu:
Ngati drum ya handibulekiyo madala sakuifuna ine ndiitenga. Ndi injini ya 2.25 ija yapita kuti?