Bambo akukana opaleshoni ya pakhosi, ndiwauze chiyani?

Abale anga pagulu pano, ndigawireniko nzeru. Ndili ku Nkhotakota. Bambo anga ndi msodzi, ndipo chingambwe anayamba kusuta ali mnyamata. Mawu atayamba kusasa tinkati ndi mwera. Kenako panatuluka chotupa m'munsi mwa khutu, cholimba, chosapweteka. Anawapima makhololo, TB sanaipeze. Achibale anawatengera kokatemera mphini, chotupa chinkangokulirabe.

Atatitumiza ku Kamuzu Central, adokotala analowetsa kapaipi ka kamera m'mphuno kuti aone kholingo. Chotupacho anachibaya ndi kasingano kutenga zokapima, anawajambula m'kati ndi makina a CT scan, kenako anawagoneka n'kudula kanyama m'kholingomo. Zotsatira zabwera: khansa ya kholingo, ndipo yafika kale m'mwanabere. Akuti pakufunika kuchotsa kholingo lonse pamodzi ndi anabere a m'khosi, pambuyo pake kuwotcha ndi makina. Azidzapumira pa kabowo ka pakhosi moyo wawo wonse.

Bambo akukanitsitsa. Akuti khansa ukaikhudza ndi mpeni imalusa. Akuti, "Mukufuna ndizikhala pakhonde duu ngati chitsa?" Koma usiku ndimawamva mpweya ukuchita kulira pakhosi, ndipo nsima anasiya, chikutsika ndi phala lokha. Alipo amene wachibale wake anapangidwapo opaleshoni imeneyi? Adzayankhulanso? Nanga panyanja adzapitanso?

Namwino wina: Achemwali, kulira kwa mpweyako musakuchepetse, ndiye kuti njira yopumira ikutsekeka. Zikangowonjezeka thamangirani kuchipatala usiku womwewo, musadikire tsiku limene anakulemberani m'buku. Za mpenizo si zoona. Ambiri amafika mochedwa, ndiye anthu amanamizira opaleshoni. Khansa ya kholingo ikapezeka idakali yaing'ono, nthawi zambiri mawu amapulumuka. N'chifukwa chake timati mawu akasasa kupitirira masabata 3, kapena chilonda cha m'kamwa chikakana kupola, kapimitseni. Koma kholingo akalichotsa lonse, mawu akale sadzabwerera, musawanamize. Komabe ena amaphunzira kuyankhulira kum'mero, ena amagwiritsa ntchito kamakina kogunditsa pakhosi. Mukafunse adokotala kuti chotheka kwa bambowo n'chiti.

Bambo wina wa ku Salima: Amalume anga anawachotsa kholingo. Masiku oyambirira ankadyera m'paipi ya m'mphuno, pano nsima akudya bwinobwino. Pabowopo amavindikira ndi kansalu koyera chifukwa cha fumbi ndi utsi, ndipo posamba madzi amathira kuyambira m'mapewa kutsika. Za m'bwato zokha muwauze zoona: madzi akalowa pabowopo amapita m'mapapo, munthu sangawatsekereze. Amalume amasoka maukonde kumtunda, akafuna munthu amaomba m'manja, ndipo pa nkhani ya mtengo wa usipa anyamata awo sawapusitsa.

Mayi wina: Musawakakamize mwana wanga, thupi ndi lawo. Pitani nawo pamodzi ndi munthu amene amamumvera, amve yekha pakamwa pa dokotala. Mufunsenso kuti akakana opaleshoni, kupumako adzawathandiza bwanji.

Wofunsa: Zikomo nonse. Bambo a ku Salima, ngati amalumewo angalole, ndikufuna bambo awaone ndi maso tikamadutsa popita ku Lilongwe. Ndakulemberani ku inbox.