Ntchito yonse ya banki mkhonde yagwera ine ndekha, ndichite chiyani?

Wapampando wa gulu, Mchinji:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhalitsa m'magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama. Anzanga anandisankha kukhala wapampando chaka chino, koma zinthu sizikuyenda. Msonkhano wa 2 koloko umayamba dzuwa litapendeka, ena amangotuma ana kuti abweretse masheya awo, ndipo amene ndimayenda khomo ndi khomo kukumbutsa za ngongole ndine ndemwe, mpaka ntchito ya kudimba kwanga yaima. Kodi ndisinthe chiyani pa kachitidwe kanga, nanga anzangawa ndiwakope bwanji kuti tizisenzera limodzi katunduyu?

Mlangizi wopuma wa magulu, Dedza:

Mayi wapampando, pepani ndi chintchitocho, koma ndikuuzeni mosabisa kuti khama lanulo ndi limene likuwalemaza anzanu. Munthu akadziwa kuti wapampando abwera kudzatenga ndalama pakhomo, alibenso chifukwa chosiyira khasu n'kupita kumsonkhano.

Njira ya banki mkhonde, imene bungwe la CARE linaiyambitsa ku Niger mu 1991, inakonzedwa dala kuti munthu mmodzi asamagwire zonse. Komiti imakhala ya anthu asanu: wapampando, mlembi, wosunga bokosi ndi owerenga ndalama awiri. Bokosilo limakhala ndi maloko atatu, ndipo makiyi ake amasungidwa ndi mamembala ena atatu amene sali m'komiti, kotero kuti silingatsegulidwe popanda anthuwo kukumana. Ntchito yanu ndi kutsogolera zokambirana ndi kuonetsetsa kuti malamulo amene munagwirizana akutsatidwa, basi. Ndalama iliyonse, kaya ndi sheya kaya ndi yobweza ngongole, izilandiridwa pamkeka onse akuona, osati pakhomo la munthu.

Pali chizolowezi china chimene magulu ambiri amachitaya msanga, pamene ndi chothandiza kwambiri. Musanatseke bokosi, owerenga ndalama alengeze mokweza ndalama zotsala m'thumba la ngongole ndi m'thumba lothandizira pa matenda ndi maliro, ndipo msonkhano wotsatira uyambe ndi kufunsa mamembala kuti munatseka ndi zingati. Ngakhale gogo wosadziwa kulemba amasanduka mlonda wa chumacho, ndipo amene ndalama akuzilondera safuna kujomba.

Mlembi wa gulu la amayi a geni, Ndirande:

Ndikugwirizana ndi bambo alangizi, koma ndiwonjezere za inu eni ake. Muzifika inu poyamba, ndipo anthu okwanira malinga ndi malamulo anu akangokhala pansi, yambani osadikira otsalawo. Wochedwa aziponya chindapusa m'mbale asanakhale, ndipo tsiku limene mudzachedwe inu, mudzaponye chanu anthu akuona, chifukwa lamulo lodumpha mtsogoleri silikhalitsa.

Ine ndimajambuliratu mizere m'kaundula usiku woti mawa tikumana, ndipo chidindo cha sheya ndimachidinda m'kabuku ka munthu nthawi yomweyo ndalama ili m'manja mwa owerenga, osati pambuyo pake. Kuno kutauni ena amatumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba akakhala ku Limbe kokaoda katundu, ndipo uthengawo timauwerenga pagulu tisanaulembe.

Mlimi wa kabichi, Ntcheu:

Za chindapusazo mayi a ku Ndirande asathamange nazo. Geni ya m'tauni ndi ulimi wa kumudzi n'zosiyana. M'miyezi ya Disembala ndi Januwale munthu amakhala akupalira kapena ali pa ganyu, ndipo kumulipiritsa chifukwa wafika mochedwa ndi kumuthamangitsa m'gulu pa nthawi imene akulifunitsitsa. Mayi wapampando, kodi nthawi ya 2 kolokoyo inasankhidwa ndi anthu onse, kapena munangoipeza? Kodi tsikulo silikuwombana ndi la msika kapena la sikelo ya ana? Afunseni mmodzimmodzi, makamaka aja osalankhula pagulu, musanawaweruze kuti ndi aulesi. Ife tinasamutsira msonkhano wathu ku Lamlungu anthu akaweruka kutchalitchi, ndipo mbale ya chindapusa inayamba kubwerera yopanda kanthu.

Wapampando wa gulu, Mchinji:

Zikomo nonse. Tsiku lathu limawombanadi ndi msika wapafupi, ndipo nkhaniyi ndikaitula pagulu sabata ino. Chondidetsa nkhawa ndi makiyi: nanga mmodzi mwa atatuwo akadwala kapena akapita kumaliro, msonkhano ulephereke?

Mlangizi wopuma wa magulu, Dedza:

Ayi mayi, usalephereke. Mulembe m'malamulo kuti wosunga kiyi akalephera kubwera, azipereka kiyiyo kwa membala wina amene sali m'komiti komanso alibe kiyi ina, ndipo mlembi azilemba dzina la amene wabweretsa. Chimene simuyenera kulola, ngakhale atakuchondererani, ndi chakuti kiyiyo igone kwa wosunga bokosi kapena kwa inu.