Zomwe ndapeza pa funso langa la kugonetsa okalamba pa opaleshoni

Ndinafunsa ngati kumugonetsa kwambiri munthu wokalamba pa opaleshoni kumafupikitsa moyo wake. Nazi zomwe ndapeza.

Madokotala amamata pamphumi kachipangizo konga lamba koyeza momwe ubongo ukugwirira ntchito, ndipo makina owerenga muyezowo, otchedwa BIS, amaonetsa nambala pakati pa 0 ndi 100. Nambala ikamatsika, ndiye kuti tulo tazama. Kafukufuku wa BALANCED wa mu 2019 anatsata odwala 6,644 a zaka 60 kupita m'tsogolo. Chaka chisanathe anamwalira 6.5 peresenti mwa ogonetsedwa mopepuka (nambala ili pa 50), ndi 7.2 mwa ogonetsedwa kwambiri (nambala ili pa 35). Kusiyana kotere n'kochepa, sitingaloze chala tulo.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi kusokonezeka mutu masiku oyamba opaleshoni itachitika: agogo kuzula timachubu usiku, osazindikira mwana wawo amene. M'gawo lina la kafukufuku yemweyo, izi zinagwera 19 peresenti mwa ogona mopepuka ndi 28 mwa ogona kwambiri, ngakhale kafukufuku wina wotchedwa ENGAGES anapeza kuti kuyang'anira ubongo sikunachepetse vutoli.

Choncho opaleshoni isanachitike, muuzeni dokotala wogonetsa ngati agogowo ayamba kuiwalaiwala, komanso mankhwala onse amene amamwa.