Ndikufuna kutuluka mu fulati ku Joni kontrakiti isanathe, ejenti akuti ndilipire miyezi yonse yotsala

wa_ku_Mangochi

Abale anga amene muli kuno ku Joni ndithandizeni nzeru chonde, mutu wanga sukugwira. Ndimakhala ku Rosettenville mu fulati ya chipinda chimodzi, lendi R5,500 pa mwezi, ndinasaina kontrakiti ya chaka kuyambira March mpaka February, dipoziti ndinapereka ya mwezi umodzi. Nde sabata yathayi andiimbira kumudzi kuti mayi adwala sitiroko, mbali imodzi yonse sikugwira, achemwali anga paokha sangathe poti ali ndi mwana wakhanda, ine ndaganiza kuti kumapeto kwa October ndinyamuke basi, kuntchito ndatsanzika kale. Dzulo ndinapita kwa ejenti kukamuuza bwinobwino, iye akuti ndikatuluka dipoziti ndiiwale komanso ndilipire miyezi inayi yotsalayo, R22,000. Ndalama imeneyo ndiitenga kuti ine pomwe ndikufunika ya basi, ya mankhwala, ya wilicheya? Lendi sindinaphonyepo ngakhale mwezi umodzi. Kodi ndi zoona zimenezi kapena akungondiopseza poti ndine mlendo?

Mtchona_Turffontein

Pepani achimwene ndi matendawo, Mulungu awakhudze mayi. Koma kunena mosabisa, musavutike nawo anthu amenewa, lendi ya October musalipire muwauze adye dipoziti yomweyo, katundu mutulutse usiku mukasungitse kwa anzanu, mukwere basi pa Park Station. Mukadutsa pa Beitbridge akupezani kuti? Ambiri timapanga choncho.

Mbuya_wa_ku_Mayfair

Iyayi, zothawa usikuzo ayi, mukumuika mnzanu m'mavuto pomwe lamulo lili mbali yake. Mwana wanga mvetsera, ndakhala nthawi kuno ndipo ndatulukapo m'nyumba kawiri kontrakiti isanathe.

Kuno kuli lamulo la Consumer Protection Act la 2008, linayamba kugwira ntchito mu 2011. Gawo 14 la lamulo limeneli limalola munthu wa lendi kuthetsa kontrakiti nthawi ina iliyonse, bola apereke notisi yolemba ya masiku 20 ogwira ntchito. Sufunikanso kupereka chifukwa, kaya ndi matenda kaya nyumbayo yangokutopetsa. Koma tchera khutu pa mawu oti ogwira ntchitowo, Loweruka, Lamlungu ndi maholide sawerenga, mwachitsanzo pa 24 September pali holide ya Heritage Day, tsiku limenelo lidumphe. Nde zimakwana pafupifupi mwezi. Zomwe unakamuuza ejenti pakamwa dzulozo si notisi, mawa akhoza kukana kuti sanakuonepo. Lemba lero lomwe, imelo kapena kalata, ika dzina lako, nambala ya fulati, tsiku lomwe ukutuluka, ndipo utchule gawo 14 lija kuti adziwe kuti sakulankhula ndi munthu wogona. Ngati ndi kalata asaine pa kope yako. Yang'ananso mu kontrakiti momwe analemba kuti notisi izitumizidwa bwanji, utsate zomwezo.

Tsopano ndisakunamize kuti utuluka ulele. Lamulo lomwelo limamulola mwini nyumba kukulipiritsa chindapusa, koma limati chikhale choyenera, osati chongofuna kumufinya munthu kuti alephere kutuluka. Palibe pomwe analemba kuti ndi ndalama zakuti. Amayang'ana zinthu ngati kutalika kwa kontrakiti, notisi yomwe wapereka, komanso ngati mwini nyumba atayesetsa angapeze munthu wina msanga. Apa nde pagona nkhani. Iye saloledwa kungokhala pansi miyezi inayi fulati ili yotseka nkumati iwe uzilipira, akuyenera kusaka wina wolowa, ndipo wina akalowa pa 1 November sangadye lendi pawiri, yako ndi ya watsopanoyo. Zimene angakuuze zomveka ndi za ndalama yotsatsira nyumba, mwina gawo la komishoni ya ejenti, ndi lendi ya masiku omwe nyumba yakhaladi yopanda munthu. Umuuze akulembere papepala kuti R22,000 yoyo waipeza bwanji, uona mmene asinthire mawu.

Za kudya dipozitizo, dipoziti si lendi ya mwezi womaliza. Ukapanda kulipira October ndiwe wophwanya pangano tsopano, waika wekha mpeni m'manja mwake. Ndipo maejenti ambiri amapereka maina ku TPN, komwe amasunga mbiri ya momwe anthu amalipirira lendi, tsiku lina mayi akapeza bwino udzafuna kubwerera kuno, udzapeza fulati iliyonse yabwino akukukana osadziwa chifukwa.

Mtchona_Turffontein

Mbuya ndamva, koma malamulowo amagwira kwa eni dziko. Ife akatiwona pasipoti yobiriwira kaya yamtundu wanji amangoti pita ukasume. Munthu akunyamuka mwezi wamawa, nthawi yoyenda m'maofesi aipeza kuti?

NaPhiri_CapeTown

Achimwene a ku Turffontein, ine ndi mMalawi ngati inu nomwe ndipo dipoziti yanga ndinaitenga yonse ndi chiwongola dzanja chomwe, nde musamufooketse mnzathuyu. Lamulo la Rental Housing Act la 1999 limanena za munthu wa lendi, ndipo amene dzina lake lili pa kontrakiti ndi yemweyo.

Ine ndiwonjezere za dipoziti poti ndi pomwe ambiri timaluzira chifukwa cha changu. Mwini nyumba amayenera kusunga dipoziti ku banki mu akaunti yobereka chiwongola dzanja, ndipo muli ndi ufulu wofunsa umboni wake. Potuluka mumayenera kuyendera nyumbayo limodzi, inu ndi iye, m'masiku atatu omaliza. Musaphonye zimenezi ngakhale mutatanganidwa bwanji ndi kumanga katundu. Kolopani, tsukani sitovu, chotsani misomali yomwe munakhoma, kenako jambulani chilichonse pa foni, makoma, mawindo, matayilosi, mpope, mita ya magetsi ndi ya madzi manambala akuwoneka. Ngati polowa munasaina pepala la zinthu zomwe munazipeza zowonongeka kale, lifufuzeni, ndi golide ameneyo. Ngati palibe ngongole ndipo simunawononge kanthu, ndalama ibwere pasanathe masiku 7. Ngati pali zokonza adule, koma malisiti muli ndi ufulu wowaona, chotsala chibwere pasanathe masiku 14 mutabweza nyumba kwa mwini wake. Mukakana kupezeka poyendera, iye amayendera yekha, alemba zomwe akufuna, ndipo ali ndi masiku 21. Koma akakhala kuti iyeyo ndi amene sanabwere kudzayendera nanu, lamulo limatenga ngati wavomera kuti nyumba ili bwino, abweze yonse. Utoto kufwifwa chifukwa cha kukhalamo munthu si kuwononga ayi, asakudulireni.

Kwa ine zinali chonchi, ndinatuluka patatsala miyezi itatu chifukwa abwana anasamuka ndipo thiransipoti inkandidyera theka la malipiro. Mwini nyumba anangoti zii miyezi iwiri, foni osayankha. Ndinapita ku Rental Housing Tribunal, bwalo la boma loweruza mikangano ya eni nyumba ndi a lendi, chigawo chilichonse chili ndi yake, kwanuko ndi ya Gauteng mu Johannesburg momwemo. Salipiritsa kanthu, loya safunika, ndinadzaza fomu nkupereka kope ya pasipoti, kontrakiti ndi malisiti a lendi. Anatiitana tonse kuti tikambirane, ndipo bambo aja atangomva kuti chigamulo cha kumeneko chimakhala ndi mphamvu ngati cha khoti la majisitireti analipira nkhani isanapite patali. Zinatenga nthawi, sindikana, ndinadikira ndithu mpaka mtima unkawawa, koma ndalama yanga ndinaiona.

China chomwe ndikupempheni, musayerekeze kungolowetsamo mnzanu mwakachetechete kuti azilipira m'dzina lanu. Ndikudziwa timachitirana chifundo, wakwathu akusowa pogona, koma makontrakiti ambiri amaletsa popanda chilolezo cha mwini nyumba, ndipo akalephera kulipira kapena akaswa giza ngongole yonse ili pa inu muli ku Mangochi. Ngati muli ndi munthu wodalirika, wa ntchito yake ndi mapepala ake, mutengeni mupite naye kwa ejenti amuunike, asaine kontrakiti yakeyake, dzina lanu lichoke. Akamukana popanda chifukwa chomveka sungani mauthengawo, adzakuthandizani pokana chindapusa chachikulu.

Akaunti yanu ya ku banki ya kuno musatseke msanga, dipoziti idzalowera mmenemo.

Mbuya_wa_ku_Mayfair

NaPhiri wanena zoona zokhazokha. Ndiwonjezere kamodzi, ukapereka notisi ena amapsa mtima nkuyamba kusintha loko kapena kudula magetsi kuti uvutike. Saloledwa. Mpaka tsiku lomaliza la notisi nyumbayo ndi pako, ndipo kutulutsa munthu kapena kumulanda firiji ndi TV popanda chikalata cha khoti ndi kuphwanya lamulo. Zikachitika jambula, thamangira ku Tribunal tsiku lomwelo.

wa_ku_Mangochi

Zikomo kwambiri nonse, Mbuya ndi achemwali a ku Cape Town mwanditula katundu pamutu, usiku wathawu sindinagone. Achimwene a ku Turffontein ndikudziwa mumandifunira zabwino koma ndilipira October, ndikufuna ndidzabwerere kuno mayi akayamba kuyenda. Imelo ndatumiza masana ano ndatchula gawo 14 lija, ndawerenga masiku akukwana bwino October asanathe. Kutchalitchi kwathu kuli banja lina la ku Ntcheu akhala akusaka fulati kuyambira July, bamboyo amagwira ntchito ya uwelda ndipo ma payslip ali nawo, ndagwirizana nawo kuti Lolemba tipitire limodzi kwa ejenti. Pepala loyendera nyumba lija ndalipeza mu sutikesi, chitseko cha kubafa chinalembedwa kuti chinali chothyoka kale. Funso langa latsala limodzi, ngati masiku obweza dipoziti akwana ine nditawoloka kale pa Mwanza ndipo ejenti wangoti zii, ndingamulembere kalata msuweni wanga wa ku Germiston kuti akandiimire ku Tribunal, kapena dandaulo ndikasiyiretu ndekha ndisananyamuke?