Abwana akuti ndikwere nawo boti mpaka ku Brazil, ndipite?

Chikondi_HoutBay
Abale ndithandizeni maganizo. Ndimagwira ntchito yotsuka ndi kupenta ma yacht kuno ku Cape Town, ndiye abwana anga akufuna atenge boti lawo la matanga, catamaran (lokhala ngati mabwato awiri olumikizana), kuchoka kuno kudzera pa chilumba cha St Helena mpaka ku Brazil mu January muno, akuti ndikwere nawo ndizikathandiza zingwe ndi kuphika. Ine za madzi ndimangodziwa Ilala basi, kuchoka ku Monkey Bay kupita ku Nkhata Bay. Kodi moyo wake umakhala wotani pakati pa nyanja masabata onsewo? Amagona bwanji anthu, amasamba? Amene munayendapo tiuzeni zoona zake.

Madala_Phiri
Achimwene ine ndinayendapo njira imeneyo. Choyamba iwalani za Ilala, mwera wa kwathu umavuta tsiku limodzi kapena awiri kenako mwafika padoko, kuno kuchoka Cape Town kukafika St Helena ndi makilomita pafupifupi 3,100 ndipo boti la matanga limatha masabata awiri kapena kuchepera pang'ono osawona mtunda olo mtengo umodzi.

Masiku oyamba ndiye ovuta. Mphepo ya south-easter ija mukuidziwa kale, imakukankhani bwino koma mafunde ake ndi akulu ndipo madzi a Benguela, oyenda m'mbali mwa gombe la kumeneko, ndi ozizira, usiku mumavala majekete awiri. Nseru ndiye musanene. Gulani Stugeron ku pharmacy muyambe kumwa musananyamuke, mukadikira kuti muyambe kusanza kaye mapiritsiwo amangobwerera. Ndipo musamadzitsekere mkati, khalani panja muziyang'ana kutali komwe madzi akumana ndi mitambo. Pakatha masiku atatu thupi limazolowera, mphepo imafatsa, kumayamba kufunda, kenako mumangoyenda ndi mphepo yochokera kumbuyo tsiku ndi tsiku.

Koma chimene anthu sakuuzani ndi tulo. Boti siliima usiku, palibe poimika, ndiye mumagawana mashifiti, maola atatu kapena anayi munthu mmodzi ali maso ena akugona. Wakudzutsani mnzanu 2 koloko usiku, mdima wa bii, mwavala life jacket ndi lamba wodzikolekera ku boti, ntchito yanu kuyang'ana magetsi a sitima zikuluzikulu ndi kuona ngati mphepo yasintha. Lamba ameneyo musamamuvule olo mukufuna kukodza, pitani ku toilet ya mkati, chifukwa munthu akagwera m'madzi usiku anzake ali mtulo, pomwe akudzuka boti lapita kutali. Tulo ta maola atatu atatu timasintha munthu, mnzako wabwinobwino umayamba kumuda chifukwa choti wasiya kapu yosatsuka mu sinki.

Nabanda_wa_ku_Salt_River
Ine funso langa ndi lina achimwene. Akulipirani bwanji masiku amenewo? Nanga pobwera, tikiti ya ndege agula ndani? Pasipoti yanu ili bwino, permit yanu ya kuno ikulolani kulowanso mukatuluka? Za viza ya ku Brazil mwafunsa? Azungu akakhala pa mtima wabwino amangoti tiye tiye, iwo pasipoti yawo imalowa paliponse. Mulemberane papepala zonse musanakwere, kuphatikiza inshuwalansi, pakati pa nyanja palibe poti ndatsika ndikubwerera kunyumba.

Chikondi_HoutBay
Zikomo achemwali, za tikiti anena kuti agula okha koma papepala sitinalembe, ndiwauza mawa. Madala nanga za kusamba ndi zakudya? Nsima itheka?

Madala_Phiri
Hahaha nsima imatheka, tengani ufa wanu muuike m'zigubu zotseka bwino chifukwa chinyezi cha m'boti chimawononga chilichonse. Pa catamaran mwachita mwayi, silipendekeka ngati maboti enawa, poto amakhala pa mbaula ya gasi bwinobwino, komabe pophika phala lowira valani buluku lalitali, funde limodzi lokha likhoza kukukhuthulirani pamiyendo. Ndiwo zamasamba zimatha sabata yoyamba, zimatsala kabichi, anyezi, mbatatesi ndi zam'chitini. Mumaponya mbedza kumbuyo kwa boti, mukachita mwayi mumakola dorado kapena tuna, ndipo m'mawa mumapeza tinsomba touluka tija titagwera pa deki usiku, tina tauma kale, mamba ake amamatirira ndipo wotsuka mukhala inuyo.

Madzi akumwa ndiye amasamalidwa kuposa ndalama. Maboti ena ali ndi makina ochotsa mchere m'madzi a m'nyanja koma skipper (woyendetsa boti) wanzeru sawadalira, akawonongeka mutani. Mbale mumatsuka ndi madzi amchere, kusamba ndi ndowa ya madzi a m'nyanja kenako kapu imodzi kapena ziwiri za madzi abwino kudzitsukuluza, apo ayi khungu limayabwa. Foni netiweki imatha tsiku loyamba lomwelo, pokhapokha ngati abwana anu ali ndi intaneti ya satelayiti, ndiye akazi anu muwauziretu asadzayese mwamira.

St Helena mukaiona mudzasangalala. Ku Jamestown, tawuni ya pachilumbapo, ma yacht samafika pagombe, mumamangirira panyanja kenako kaboti kakang'ono kamadzakutengani, potsika mumagwira zingwe zolendewera n'kudumphira pa masitepe funde likakukwezani. Kuli Jacob's Ladder ya masitepe 699, ndi nyumba ya Longwood komwe Napoleon anafera mu 1821. Mukachoka pamenepo kwatsalanso masabata ena awiri kuti mufike ku Brazil.

Gondwe_Mzuzu
Ine olo andipatse ma rand angati sindingakwere, bwato la ku Usisya lomwe limandikwana. Koma pitani aphwanga, mutitumizire zithunzi za masitepe amenewo. Kusambira mumatha koma?

Chikondi_HoutBay
Pang'ono chabe akulu. Abwana akuti ndiyambe maphunziro a chitetezo cha panyanja sabata yamawa, papepala tikagwirizana ndikwera.